Cabramatta: Dera Limene Anthu Ake Adasintha, Chipani Osasintha

Chikhazikitsidwire m'chaka cha 1981, dera la Cabramatta latumiza aphungu asanu okha kunyumba ya malamulo ya chigawo cha New South Wales m'dziko la Australia. Mayina awo ndi Eric Bedford, John Newman, Reba Meagher, Nick Lalich ndi Tri Vo, ndipo onsewo ndi a chipani cha Labor. Munthu wongoona mndandanda umenewu angaganize kuti kuno ndale zidagona kalekale, kuti anthu amangoponya voti mwachizolowezi ngati mmene amapitira kumsika Loweruka. Koma m'zaka zomwezo derali lidasandulika kotheratu. Anthu ake adasintha, ziyankhulo za m'misewu yake zidasintha, phungu wake mmodzi adaphedwa ndi mfuti pakhomo pake, ndipo chipani chimene chinkalitenga ngati kuchipinda kwake chidatsala pang'ono kulitaya. Mbiri ya Cabramatta ikutiphunzitsa kuti dera likakhala m'manja mwa chipani chimodzi kwa nthawi yaitali, mpikisano sutha ayi, umangosamuka. Umachoka pabwalo pamene aliyense ali ndi voti n'kukalowa m'zipinda mmene anthu ochepa amasankha woimira chipani. Ndipo ukalowa mmenemo, anthu wamba sapatsidwanso khutu kufikira tsiku limene aonetsa kuti angathe kuchoka.

Tiyambe ndi kudziwa malowo ndi kayendetsedwe kake. Australia ili ndi boma lalikulu ku Canberra, komanso chigawo chilichonse chili ndi boma lake ndi nyumba yake ya malamulo. Boma la chigawo ndilo limayang'anira zimene munthu amakumana nazo tsiku ndi tsiku: sukulu, zipatala, apolisi, sitima zapamtunda ndi nyumba za boma zobwereketsa kwa anthu osauka. Nyumba yaing'ono ya malamulo ya New South Wales ili ndi mipando 93, dera lililonse phungu mmodzi, ndipo chisankho chimachitika mwezi wa Marichi zaka zinayi zilizonse. Kuvota n'kokakamiza mwalamulo, kotero nzika yosapita kukavota popanda chifukwa chomveka imalipitsidwa chindapusa. Wovota amalemba manambala pa mayina a opikisana motsata mmene akuwakondera, ndipo mavoti a amene atsalira m'mbuyo amagawidwa kwa otsala mpaka papezeke wopambana. Dera la Cabramatta lili pamtunda wa makilomita pafupifupi 30 kum'mwera chakumadzulo kwa pakati pa mzinda wa Sydney, ndipo gawo lake lalikulu lili pansi pa khonsolo ya Fairfield. Malire ake akhala akusunthidwa nthawi ndi nthawi, koma mtima wake wakhala tauni ya Cabramatta yeniyeniyo pamodzi ndi malo oyandikana nayo monga Lansvale, Mount Pritchard, St Johns Park ndi Bonnyrigg.

Eni nthaka oyambirira adali Acabrogal, fuko limodzi la anthu a mtundu wa Darug, ndipo dzina lakuti Cabramatta lidachokera m'chiyankhulo chawo. Atsamunda a ku Britain atawalanda malo, derali lidakhala la minda, zipatso ndi nkhuku kwa zaka zambiri, ngakhale njanji yochokera ku Granville kupita ku Liverpool idadutsapo kuyambira m'chaka cha 1856. Kusintha kwakukulu kudadza itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, pamene Australia idayamba kuitana anthu ambiri a ku Ulaya kuti adzagwire ntchito m'mafakitale ndi pa zomangamanga. Boma lidatsegula malo ofikira alendo ku Cabramatta ndi ku Villawood, ndipo amene adafikira mmenemo, Angerezi, Mataliyana, anthu a ku Yugoslavia, Poland ndi Germany, ambiri adagula mapuloti otchipa pafupi pomwepo. Nyumba zidamera msanga kuposa misewu, mipope ya zonyansa ndi zipatala. Mmodzi mwa anthu amene adakhala pakati pa mavuto amenewa adali Gough Whitlam, phungu wa boma lalikulu wa dera la Werriwa, yemwe adamanga nyumba ku Cabramatta m'zaka za m'ma 1950 nakhalamo zaka pafupifupi makumi awiri. Pamene adakhala nduna yaikulu ya dziko m'chaka cha 1972, zambiri zimene adalonjeza, monga mipope ya zonyansa m'madera a kunja kwa mizinda ndi chithandizo cha zaumoyo kwa aliyense, zidachokera pa zimene adaona mwa anansi ake. Ubale wa derali ndi chipani cha Labor udamangidwa nthawi imeneyo, ndipo maziko ake adali ntchito za m'fakitale, mabungwe a anthu apantchito ndi kusowa kwa zinthu zofunika pamoyo.

Boma la Whitlam ndilo lidachotsa zotsalira za lamulo lakale loti Australia ikhale ya azungu okha, m'chaka cha 1973. Komabe mzinda wa Saigon utagwa mu Epulo 1975, Whitlam yemweyo adachita mphwayi kulandira anthu ambiri othawa ku Vietnam. Amene adatsegula khomo kwambiri adali Malcolm Fraser wa chipani cha Liberal, yemwe adalowa m'malo mwake kumapeto kwa chaka chimenecho. Bwato loyamba la othawa lidafika ku Darwin mu 1976, koma ambiri adabwera pandege kuchokera m'misasa ya ku Malaysia, Thailand, Indonesia ndi Hong Kong. Nawonso adafikira m'malo ofikira alendo aja, ndipo potuluka adachita zimene anzawo a ku Ulaya adachita: adafuna nyumba ya lendi yotsika pafupi ndi sitima, pafupi ndi fakitale, pafupi ndi wachibale. Otsatira adabwera kudzapeza abale awo. Pamodzi ndi anthu a ku Vietnam padabwera a ku Cambodia othawa ulamuliro wa Pol Pot, a ku Laos, ndi ambiri a mtundu wa Chitchaina amene makolo awo adakhazikika m'maiko amenewo. Masitolo a mumsewu wa John Street, amene eni ake akale ankawasiya, adagulidwa ndi alendowa, ndipo mu 1991 chipata chachikulu cha Pai Lau chidaimikidwa pabwalo la Freedom Plaza. Kalembera wa m'zaka zaposachedwa amaonetsa kuti m'tauni ya Cabramatta, mmene mumakhala anthu opitirira pang'ono 20,000, munthu mmodzi mwa atatu alionse adabadwira ku Vietnam, obadwira ku Australia safika ngakhale pa mlingo umenewo, ndipo chipembedzo chachikulu ndi Chibuda. Ku Bonnyrigg akachisi a Chibuda, mzikiti ndi matchalitchi zili moyandikana.

Apa pali funso limene liyenera kuyankhidwa, chifukwa yankho lake ndilo likutsegula nkhani yonse. Anthu amene adathawa ulamuliro wa Chikomyunizimu, amene adalandiridwa ndi boma la Liberal, amene ambiri mwa iwo ndi eni mabizinesi ang'onoang'ono, bwanji sadalipereke derali kwa chipani cha Liberal? Yankho lili m'thumba ndi m'khitchini. Othawa nkhondowa adafika nthawi imene mafakitale a kumadzulo kwa Sydney adayamba kutsekedwa, boma litatsitsa misonkho yoteteza katundu wopangidwa m'dzikomo. Ulova udali waukulu, ndipo udakula koposa pamene chuma chidagwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990. Amayi ambiri ankasoka zovala m'magalaja ndi m'zipinda zawo, kulipidwa pa chovala chilichonse ndalama yochepa kwambiri. Banja lotere limadalira chipatala cha boma, sukulu ya boma, nyumba ya boma ndi ndalama yothandizira osowa ntchito, ndipo chipani chimene chinkadziwika ndi zimenezi chidali Labor. Mbali ina, mawu okayikira alendo a ku Asia ankamveka kwambiri kuchokera ku mbali yotsutsana ndi Labor: mkangano umene katswiri wa mbiri yakale Geoffrey Blainey adayambitsa mu 1984, zimene John Howard, mtsogoleri wa chipani cha Liberal panthawiyo, adanena mu 1988 zoti chiwerengero cha obwera kuchokera ku Asia chichepetsedwe, ndi kutchuka kwa wandale Pauline Hanson mu 1996. Choncho voti ya ku Cabramatta sidali ya umbuli kapena ya mtundu. Idali voti ya anthu osauka odziwa bwino chimene akufuna ndi amene akuwaopa.

Koma kukhulupirika kotere kuli ndi mtengo wake. Chipani chikadziwa kuti dera ndi lake zivute zitani, tsiku lenileni la chisankho silikhalanso lija anthu zikwi makumi asanu amakaima pamzere. Limakhala tsiku la chisankho chachipulula, pamene mamembala a nthambi za chipani, anthu mazana ochepa chabe, amasankha woimira. Nthawi zina ngakhale iwowo safunsidwa, akuluakulu a kulikulu la chipani ku Sussex Street amangolozera munthu. Zikatero, luso lofunika kwa wofuna mpando silikhala lokopa anthu a m'dera, koma lodzaza nthambi ndi anthu ake, kusonkhanitsa ndalama ndi kukondweretsa atsogoleri a magulu a m'chipani. Alendo atsopano amalowa m'ndale zotere ngati manambala: amalembedwa m'kaundula wa nthambi, amabwera pa phwando losonkhetsa ndalama, amaperekeza mtsogoleri pa chikondwerero cha chaka chatsopano, koma pampando pamakhala wina. Tionjezepo kuti ambiri mwa ovota sankadziwa bwino Chingerezi, ndipo kavotedwe ka manambala kamasokoneza. M'dera la boma lalikulu la Fowler, limene Cabramatta ili m'kati mwake, mavoti oonongeka akhala akupitirira 10 pa 100 alionse m'zisankho zina, chiwerengero chimene chili m'gulu la zokwera kwambiri m'dziko lonselo. Mawu a derali ankafika ku nyumba ya malamulo atachepa kale mphamvu.

Chimene chidachitika mu 1994 chiyenera kuonedwa m'kuwala kumeneku. John Newman, amene adalowa m'malo mwa Eric Bedford pa chisankho chapadera cha 1986, adali mwana wa alendo iyenso. Adabwera kuchokera ku Ulaya ali wamng'ono, adakulira ku Cabramatta, adagwira ntchito m'bungwe la anthu apantchito ndipo adakhalapo khansala ku Fairfield. Adatchuka chifukwa cholankhula mosaopa za magulu a zigawenga ndi malonda a mankhwala ozunguza bongo, ngakhale ena mwa anthu a ku Asia ankaona kuti kalankhulidwe kake kamadetsa mtundu wonse. Amene ankalimbana naye kwambiri adali Phuong Ngo, wothawa ku Vietnam yemwe adasankhidwa kukhala khansala wa Fairfield mu 1987, adatsogolera kalabu ya Mekong, adapikisana ndi Newman ngati woima payekha mu 1991, kenako adalowa Labor nayamba kumanga gulu lake m'nthambi. Usiku wa pa 5 Sepitembala 1994, Newman adaomberedwa panja pa nyumba yake atangobwera kumsonkhano wa nthambi ya chipani. Patapita zaka zisanu ndi ziwiri ndi milandu ingapo, mu 2001 khoti lidapeza Ngo wolakwa pokonza chiwembucho ndipo lidamulamula kukhala m'ndende moyo wake wonse. Woweruza adati chidamuchititsa ndi dyera lofuna udindo. Ngo wakhala akukana mlanduwo, koma kafukufuku wina wa woweruza amene adatha mu 2009 sadapeze chifukwa chosinthira chigamulocho. Mlandu ndi wa amene adaupalamula, ndipo palibe dongosolo la ndale limene lingamuchotsere. Komabe nkoyenera kuona kuti mkangano umene udathera m'magazi sudali pakati pa zipani ziwiri pamaso pa ovota. Udali wa m'nyumba imodzi, wolimbirana khomo lokhalo lolowera ku mpando.

Mpando utatsala wopanda munthu, chipani chidaimika Reba Meagher, mtsikana wa zaka 27 amene adakulira m'gulu la achinyamata a Labor ndipo adali wodalirika kwa akuluakulu a kulikulu. Adapambana mosavuta, nakhala phungu zaka khumi ndi zinayi, mpaka kufika pa unduna wa zaumoyo mu 2007. Zaka zoyambirira za uphungu wake ndizo zimene Cabramatta idadziwika m'dziko lonse ngati msika waukulu wa mankhwala ozunguza bongo a heroin. Ogula ankabwera pasitima kuchokera mbali zonse za Sydney, ogulitsa ankawachingamira pasiteshoni, ndipo anthu ankakomoka ndi kufa m'makwalala ndi m'masitepe a nyumba zosanjikizana. Gulu la 5T, la anyamata amene ambiri adakula opanda makolo kapena m'mabanja osweka ndi nkhondo, lidatchuka m'manyuzipepala. Kuyambira 1995 boma la chigawo lidali la Labor pansi pa Bob Carr, kutanthauza kuti dera, phungu ndi boma zonse zidali za chipani chimodzi. Ngati kukhulupirika kukadakhala kokwanira, apa ndi pamene kukadabala zipatso msanga. Koma amene adakankha nkhaniyi mpaka boma kugwedezeka adali anthu a kunja kwa chipanicho: eni masitolo, khansala Thang Ngo wa chipani chaching'ono cha Unity, wapolisi wofufuza milandu Tim Priest amene adaulula zofooka za polisi, ndi komiti ya nyumba yaikulu ya malamulo yotsogozedwa ndi Helen Sham-Ho, phungu wobadwira ku Hong Kong amene panthawiyo adali woima payekha. Mu 2001, kafukufuku wa komitiyo ali m'kati, boma lidalengeza ndondomeko yatsopano yopatsa apolisi mphamvu zambiri ndi kuonjezera chithandizo kwa ogwidwa ndi mankhwalawo. Kuchepa kwa heroin m'dziko lonse chaka chomwecho kudathandizanso. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ku Cabramatta amene adatsekula adali okhala pamalopo.

Phunziro lachiwiri lidadza kudzera m'bokosi la mavoti. Meagher, amene ankadzudzulidwa chifukwa chokhala ku Coogee, kugombe la nyanja kutali ndi dera lake, adatula pansi udindo mu 2008. Pa chisankho chapadera cha Okutobala chaka chimenecho Labor idaimika Nick Lalich, meya wa Fairfield, wobadwira ku Egypt kwa makolo a ku Serbia othawa nkhondo, munthu wokulira m'deralo. A Liberal adaimika Dai Le, mtolankhani wa nyumba youlutsa mawu ya ABC, amene adathawa ku Saigon ali mwana mu 1975 nakhala m'misasa ya othawa asanafike ku Australia mu 1979. Lalich adapambana, koma mavoti oposa 20 pa 100 alionse adachoka ku Labor. Mu 2011, chaka chimene Labor idagwa koopsa n'kutsala ndi mipando 20 yokha mwa 93, awiriwa adakumananso ndipo Lalich adapulumukira pa mavoti pafupifupi 52 pa 100 alionse, Le 48. Dera limene zaka zinayi m'mbuyomo lidali m'gulu la otetezeka kwambiri lidasanduka lolimbirana. Nkoona kuti mphepo ya chaka chimenecho idaomba chigawo chonse, koma ku Cabramatta idapeza munthu amene anthu ankamuzindikira ngati mwana wawo, wolankhula nawo m'chiyankhulo chawo pa msika.

Zotsatira zake zidatenga zaka khumi kuti zioneke bwino. Le adasankhidwa kukhala khansala wa Fairfield mu 2012, ndipo mu 2016 adasiyana ndi chipani cha Liberal. Chaka chomwecho meya Frank Carbone adasiyana ndi Labor napambana umeya ngati woima payekha, ndipo awiriwa adagwirizana n'kumanga gulu la m'deralo losadalira chipani chachikulu chilichonse. Mu 2021, mliri wa Covid-19 utakula, madera a Fairfield adaikidwa pa malamulo okhwima kuposa madera olemera a kum'mawa kwa Sydney: apolisi ochuluka m'misewu, ziletso pa kupita kuntchito, ndi lamulo loletsa kuyenda usiku. Boma la nthawiyo lidali la Liberal, koma mkwiyo wake udagwera andale onse amene ankaoneka kuti amalamula ali kutali. Ndiye pa chisankho cha boma lalikulu cha 2022, Labor idasiya Tu Le, loya wachitsikana wa m'deralo amene phungu wopuma Chris Hayes ankamufuna, n'kuimika Kristina Keneally, mtsogoleri wakale wa boma la chigawo, amene ankakhala pa chilumba cha Scotland Island kumpoto kwa Sydney. Dai Le adaima payekha napambana, ndipo dera la Fowler, limene lidali la Labor chikhazikitsidwire mu 1984, lidatayika chaka chomwe chipanicho chidatenga boma. Patangopita miyezi khumi, pa chisankho cha chigawo cha Marichi 2023, woimira Labor ku Cabramatta adali Tri Vo, loya wa m'deralo wochokera pakati pa anthu a ku Vietnam. Padapita zaka 42 kuti mtundu waukulu koposa m'derali uone mmodzi wa iwo pampando wa Cabramatta, ndipo zidatheka chipani chitangolawa kuwawa kwa kutaya.

Wina angatsutse kuti kuwerenga aphungu potengera mtundu ndi njira yoopsa, yoti ikatsatidwa mpaka kumapeto imagawa dziko m'timagulu. Angaonjeze kuti Newman ndi Lalich adali ana a alendo, odziwa umphawi ndi kusalidwa, ndipo phungu wabwino amatumikira aliyense. Mfundo imeneyi ili ndi choonadi chachikulu, ndipo ovota a ku Cabramatta eni ake adaivomereza. Adamusankha Lalich kangapo ngakhale pamene ankapikisana ndi Dai Le, kuphatikizapo mu 2019 pamene Le adaima payekha. Mu 2025 anthu a ku Fowler adasankha pakati pa Dai Le ndi Tu Le, amayi awiri a mtundu umodzi, ndipo adasunga woima payekhayo, kusonyeza kuti dzina lokha silikwanira. Choncho nkhani si yakuti phungu azifanana nkhope ndi omusankha. Nkhani ndi yakuti ngati kwa zaka makumi anayi, pakati pa anthu zikwizikwi okhala ndi maloya, madokotala, aphunzitsi ndi amalonda awo, sipapezeka ndi mmodzi yemwe woyenera kuimira chipani, ndiye kuti pali chotchinga pakhomo. Kuchotsa chotchinga si tsankho. Tsankho ndi kuchisiya pomwepo n'kumauza otsekeredwa kunja kuti asatchule za mtundu.

Wina anganene kuti kuchedwako kudali kwachilengedwe. Wothawa nkhondo amayamba wafuna chakudya, nyumba, chiyankhulo ndi unzika, ndipo ndale zimadza ndi ana ake. Anganenenso kuti pambuyo pa imfa ya Newman chipani chidali ndi chifukwa chomveka choopera ndale za m'nthambi za ku Cabramatta. Mbali yoyambayo ikufotokoza zaka za m'ma 1980, koma siikufotokoza zotsatira, pakuti anthu a ku Vietnam adatenga unzika mwachangu ndi mwaunyinji, ndipo pofika 1987 adali atayamba kale kupambana mipando ya khonsolo. Mbali yachiwiriyo ndi imene iyenera kukanidwa kotheratu. Amati nsomba ikaola imodzi zonse zaola, koma mwambi umenewu ndi chenjezo kwa gulu, si chilolezo choweruzira anthu osalakwa. Khoti lidapeza munthu mmodzi wolakwa. Anthu ena onse a m'deralo adali ozunzika ndi zigawenga zomwezo, ndipo ambiri adalira maliro a phungu wawo. Ngati vuto lidali nthambi zodzazidwa ndi mamembala ogulidwa, mankhwala ake adali kuyeretsa nthambi ndi kukulitsa chiwerengero cha osankha, osati kulanda anthu a m'dera mphamvu yotsala n'kuipereka kulikulu.

Chotsutsa chachitatu ndicho cholemera koposa: kodi Cabramatta sidatukuke pansi pa aphungu a Labor omwewo? Lero John Street imadzaza ndi alendo odzadya ndi kudzagula nsalu, zipatso ndi ndiwo, chikondwerero cha mwezi chimakoka khwimbi la anthu chaka chilichonse, ndipo ana a osoka zovala m'magalaja aja ali m'mayunivesite. Zimenezi n'zoona, ndipo sukulu ndi zipatala za boma zimene Labor idateteza zili ndi gawo lake pa chipambanochi. Palibe chifukwa chonenera kuti anthu adalakwitsa povotera chipani chimene adavotera. Koma tikayang'ana nthawi zimene boma kapena chipani chidachitapo kanthu mwachangu pa dera ili, tipeza kuti ndi nthawi zimene chidachita manyazi pagulu kapena chidaopa kutaya mpando: 2001, 2008, 2022. Khonsolo ya Fairfield ikadali m'gulu la madera osauka kwambiri mu Sydney, ndipo malipiro a mabanja ake ali pansi pa a mzinda wonse. Chitukuko chimene chilipo chidamangidwa kwambiri ndi thukuta la eni masitolo ndi makolo olimbikira maphunziro a ana. Kukhulupirika kudawapatsa chipani chowamvera chisoni, koma chimene chidawapatsa chipani chowamvera mawu ndi kuthekera kochoka.

Nkhaniyi sidathere pa Tri Vo, chifukwa derali silidasiye kulandira alendo. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, ndipo makamaka pambuyo pa 2015, khonsolo ya Fairfield yalandira anthu ambiri othawa nkhondo ku Iraq ndi Syria, ochuluka mwa iwo Akhristu a mitundu ya Assyria ndi Chaldea. Iwo ali pamene anthu a ku Vietnam adali zaka makumi anayi zapitazo: akuphunzira chiyankhulo, akusaka ntchito, akudikira unzika, akulembedwa m'makaundula a nthambi ndi anthu amene adafika kale. Ana a othawa nkhondo a 1975 tsopano ali m'khonsolo, m'nyumba ya malamulo ya chigawo ndi ku Canberra, ndipo makiyi a khomo lija ayamba kufika m'manja mwawo. Muyeso wa zimene Cabramatta yaphunzira udzaoneka pa mmene adzagwiritsire makiyiwo. Akadzalola kuti woimira chipani azisankhidwa poyera ndi anthu ambiri okhala m'deralo, kuphatikizapo ofika dzulo, ndiye kuti zaka 42 zija zidagula kanthu kokhalitsa. Akadzatseka chitseko monga adatsekeredwa iwo, ofika dzulowo ali kale ndi chitsanzo cha chochita, pakuti adaona ndi maso awo mu 2022 kuti mpando umene aliyense ankati sungagwedezeke udagwedezeka ndi mavoti a anthu wamba a m'misewu yomweyi.